Mwala wa a Ferero

Nyengo yodulira tiyi yafikanso muno m'chigwa cha Honde, ndipo aka n'koyamba kuti tidulire a Ferero kulibe. Anatisiya chaka chatha chisanu chikutha. Mipeni imene atipatsa kuesiteti chaka chino ndi ya m'sitolo, yonyezimira ngati masupuni a paukwati, koma ikangokumana ndi nthambi yokhwima imapinda mlomo. Madzulo timakhala pakomboni n'kumanola, wina n'kutchula dzina la nkhalamba ija, ena tonse n'kumangonola. Ine ndati ndilembeko zawo, chifukwa ndinayamba kudulira ndi mipeni yawo tsitsi langa lili lakuda, komanso chifukwa pali chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Munthuyu anangotsala pang'ono kupita ndi luso lake lonse kumanda, wolifuna ali pakhomo pake pomwepo, mwana wake womubereka yekha.

Dzina lawo lenileni linali Zuze. La Ferero ndi la Chipwitikizi, kutanthauza wosula zitsulo, ndipo linawakanirira kotero kuti pamaliro ena anadabwa kumva abusa akutchula Zuze. Anachokera ku Angoniya, ku Mozambiki, nthawi ya nkhondo. Anawoloka malire ndi akazi awo, mlongo wawo a Rozina, ndi nyundo ziwiri zokulunga m'saka. Akazi awo sanakhalitse, anamwalira ana akadali aang'ono. Anawo anali awiri, Luwiza woyamba, kenako Toni.

Chipala chawo chinali kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa kanjira kopita ku Mandeya. Sichinali chinthu choti mlendo n'kuima kuti achione: kadenga ka malata akale, dzenje la makala, mvukuto wa chikopa cha mbuzi, ndi mulu wa masipuling'i a mabasi akufa, amene iwo ankati ndicho chitsulo chokhacho chimene chinavutikapo mokwanira kuti chikhale mpeni. Analibe wantchito. Wabwera ndi khasu lothyoka, ukhale pansi upope mvukuto wekha, ngakhale utakhala kapitawo. Ukapopa mwaulesi ankakufunsa ngati kunyumba kwako kunagonedwa ndi njala, ukapopa mwaphuma ankati sukuthamangitsa mbava. Moni sankayankha chitsulo chili pamoto. Ambiri tinkawatenga ngati munthu wamwano, ndipo mwano analidi nawo, koma chifukwa china chinali choti maso awo sankachoka pamoto.

Pakati pa chipalacho panali chitsa chachikulu, ndipo pachitsapo anakhomererapo chitsulo chosulirapo. Anachipeza kuwekishopu ya esiteti, nthawi imene kumeneko anayamba kuwotcherera ndi magetsi n'kuchitaya kuseri chifukwa nyanga yake imodzi inali yobenthuka. Amakaniko ankachitcha anivilo. Achipwitikizi, malinga ndi a Ferero, ankati bigoruna, chinthu cha nyanga ziwiri. Iwo mayina onsewo ankawadziwa koma sankawagwiritsa ntchito. Ankati mwala. Ukawafunsa kuti chitsulo chikhala bwanji mwala, ankakuyang'ana ngati wafunsa chifukwa chimene madzi amanyowera, n'kukuuza kuti agogo awo ankasulira pamwala weniweni wa kumtsinje, bambo awonso chimodzimodzi, ndiye dzina silisintha chifukwa choti mzungu wabweretsa chake. Kwa iwo mwala sunali katundu. Ankati nyundo ungabwereke, mbaniro ungapange ina, koma mwala umachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, ndipo wosula amene sanausiyire mwana wangosewera ndi moto moyo wake wonse.

Mwana wamwamuna ameneyo anali Toni, ndipo Toni chipala ankadana nacho. Utsi unkamutsokomoletsa, nyundo inkamutupitsa manja, ndipo bambo ake sankadziwa kuphunzitsa popanda kukalipa. Atangomera ndevu anakwera basi ya ku Joni, kumene anakapeza ntchito yoyendetsa malole. Ankaimba foni, ankatumiza mabulangete ndi mafuta ophikira, sanali mwana woipa ayi. Koma kubwera ankabwera pa Khirisimasi, ndipo osati chaka chilichonse. A Ferero sanavomere. Nyundo yachiwiri ija ankaipaka mafuta n'kuipachika pamtanda wa denga. Chilichonse chachikulu chinkadikira Toni. Denga lidzakonzedwa Toni akabwera, mvukuto watsopano tidzasoka Toni akabwera. Pakomboni mawuwa anasanduka nthabwala, moti munthu ukamufunsa kuti adzakwatira liti ankayankha kuti Toni akabwera.

Luwiza ndiye anabadwa ndi manja a bambo ake. Kutsogolo kwa chipala kunali chipika chogoneka, ndipo akazi onse ankathera pamenepo. Ankaika khasu pachipikapo, mwamuna wina n'kulilowetsa. A Ferero ankati ndi mwambo wa kwawo, mkazi akayandikira moto wa chipala chitsulo chimang'aluka. Luwiza anakulira pachipika chimenecho. Ankatenga nyemba zoti asole kapena mwana wa mnansi woti alere n'kukakhala pomwepo, maso ali pa nyundo. Ali mtsikana, tsiku lina bambo ake atapita kukamwa madzi, analumpha chipika n'kutembenuza chitsulo chimene chinkapsa mbali imodzi. Anachita bwino, chikanawonongeka. Ine ndinalipo, ndinkapopa. A Ferero atabwerera sanamumenye, kukanakhala bwino akanamumenya. Anathira madzi pamoto, anakokolola makala onse n'kukawataya kudzala, chitsulo chija n'kuchiponya m'nthochi, anthu akuona. Tsiku limenelo sanasulenso. Luwiza anaima kuseri kwa chipika manja ali kumbuyo, osalira, ndipo kuchokera pamenepo sanalumphenso kwa zaka zambirimbiri. Anakwatiwa, anabereka Tendai, ukwati unatha, anabwerera kwa bambo ake n'kumathyola tiyi ngati akazi ena onse. Koma akaweruka ankakhalabe pachipika paja.

Ine ndi a Ferero tinayambanapo pa nkhani imeneyi. Ndinawauza kuti chitsulo chilibe maso, sichidziwa siketi kapena buluku. Anandiyankha kuti ine ndimadziwa kudula mitengo yofika m'chiuno basi, za amuna ndizisiye. Anandibwezera mpeni wanga osaukhudza, ndipo nyengo yonse imeneyo ndinadulira ndi wa m'sitolo, mapewa akuwawa, iwo akundidutsa panjira ngati sakundidziwa. Chaka chotsatira ndinangopeza mpeni watsopano uli pakhomo panga. Kupepesa kwawo kunali kumeneko, ndipo nkhaniyo sitinaitchulenso mpaka maso awo atayamba kufa.

Diso lamanzere linali litaferatu kale, linalowa nthethe ali mnyamata. Lamanja linayamba kuchita chifunga atakalamba. Luwiza anapita nawo kuchipatala ku Mutare, madokotala anayesa zimene akanatha, koma anati mtsempha wa diso unali utatopa. Kumenya nyundo sikunawavute, manja ankadziwa okha njira. Chimene chinawathera ndi kukhwimitsa mpeni, ndipo luso lonse la wosula lagona pamenepo. Mpeni ukaumbidwa umabwerera pamoto mpaka ufiire ngati phwetekere wakupsa, n'kuuviika mu oyilo wakale wa galimoto. Ukatero umauma kwambiri, ungathyoke ngati botolo. Ndiye umaukwecha ndi mwala kuti uwale, n'kuuyandikizanso kumoto cha kumsana kwake, n'kumayang'ana mitundu ikuyenda pachitsulo kulowera kukamwa. Umayamba mtundu wa udzu wouma, kenako wa uchi, kenako wa chifuwa cha njiwa. Uyenera kuuzimitsa m'madzi udzu wouma ukangofika kukamwa. Ukachedwa mpeni umafewa, ukafulumira umabenthuka. Zimenezi n'zamaso, ndipo maso analibenso.

Mipeni yawo inayamba kuthyoka m'munda. Poyamba tinkabisa, tinkati tagunda mwala. Kenako anthu anayamba kupita mwakachetechete kwa wowotcherera wa pamsika. A Ferero ankayatsabe moto m'mawa uliwonse n'kukhala pafupi ndi mwala wawo, akumvetsera mapazi a anthu akudutsa kanjira kaja osakhota. Zinkandimvetsa chisoni kwambiri moti ndinkapita ndi makasu osathyoka kuti angowaongola.

M'masiku amenewo Tendai, amene ankaphunzira unamwino ku Mount Selinda, anabwera patchuthi. Pofuna kuwasangalatsa agogo ake, anaima pachipika n'kuwauza zimene anaphunzira.

“Sekuru, mukudziwa kuti dzina lija la anivilo lilinso m'mabuku athu? M'khutu mwa munthu muli kafupa kakang'ono, kochepa ngati njere ya mpunga. Azungu anakatcha anivilo chifukwa kakufanana ndi mwala wanuwo. Pambali pake pali kena, amakatcha nyundo. Phokoso likalowa, kanyundo kamamenya pa kamwala, ndiye munthu amamva.”

“Ukunama iwe.”

“Chokwadi, Sekuru, n'zoona. Ndipo aticha anati dzinalo kalekale linkangotanthauza chinthu chomenyerapo.”

A Ferero analowetsa chala m'khutu. Kenako anafunsa ngati tifupato tili mwa amuna okha.

“Aiwa, Sekuru. Munhu wese, munthu aliyense. Ngakhale amayi anga ali nato.”

Anaseka, koyamba m'miyezi yambiri, n'kunena kuti ndiye Mulungu nayenso sasunga mwambo. Tonse tinaseka. Luwiza yekha, amene ankasenda chinangwa pachipika, sanaseke.

Sindinganene kuti mawu a Tendai ndiwo anasintha zinthu, chifukwa panapita nthawi ndithu. Chimene ndikudziwa n'chakuti kudulira kwa chaka chatha kutayandikira, ndinapita ndi sipuling'i kuti andisulire mpeni, ngakhale ndinkadziwa kuti udzathyoka. Unali m'mawa wa Loweruka, kukuzizira. Ndinapopa, chitsulo chinafiira, iwo anachitulutsa n'kuchiika pamwala. Nyundo yoyamba inagwa bwino. Yachiwiri inaphonya n'kumenya mbaniro, chitsulo chamoto n'kudumpha kukagwera pafupi ndi phazi lawo. Anawerama kuti achifufuze ndi dzanja. Ndisanadzuke n'komwe, Luwiza anali atalumpha chipika. Anawakankhira bambo ake pambali, anatola chitsulo ndi mbaniro, anachibwezera pamwala, anatenga nyundo m'manja mwawo n'kuyamba kumenya.

Ine ndinkadikira kuti athira madzi pamoto ngati kale lija. A Ferero anaima atatsamira mzati, mutu atapendeketsa.

“Ndani akumenya mwala wanga? A Phiri, ndinu?” anafunsa ine.

“Ndini, Baba,” anatero Luwiza, osasiya kumenya.

Chitsulo chinazizira, iye n'kuima. Nkhalamba ija inkapuma ngati yakwera phiri. Itatsegula pakamwa inati:

“Nyundoyo waigwira pafupi ndi mutu ngati ukusinja mtedza. Tsitsa dzanja. A Phiri, mwagona? Popani.”

Umo ndi mmene mwambo wa makolo awo unathera, popanda wina kuutchula. Nyengo yonse yodulira, Luwiza akaweruka kumunda ankalowa m'chipala, bambo ake atakhala pampando pambali pake. Kuumba anaphunzira msanga, zaka zonse zija pachipika sizinapite pachabe. A Ferero ankamuwongolera ndi khutu. Ankadziwa pa kulira kwa nyundo kuti chitsulo chazizira, kapena kuti wamenya m'mphepete. Koma pa kukhwimitsa ankavutika onse awiri, chifukwa woona sankadziwa, wodziwa sankaona.

“Wafika pati?”

“Waita seuchi, Baba. Ngati uchi.”

“Uchi wake uti? Wa chaka chino kapena wokhalitsa?”

“Wakuderako.”

“Ndiye wachedwa kale. Taya.”

Ankakalipa, ankamenya ndodo pansi, tsiku lina analira. Ndinawamva ndi makutu anga akunena kuti akanakhala ndi diso limodzi kwa tsiku limodzi lokha akanangomulozera ndi chala, nkhani n'kutha. Zaka zonse zimene anali ndi maso anazithera kuyang'ana kumsewu, kudikira Toni. Luwiza ankataya chitsulocho. Ankatola sipuling'i ina n'kuyambiranso, manja atatuluka matuza pamwamba pa zipsera za tiyi.

Mpeni umene unatheka unali wanga. Kudulira kunali kutatsala pang'ono kutha. Luwiza sanafunse kanthu tsiku limenelo, anangoyang'ana yekha, n'kuuviika m'madzi nthawi imene mtima wake unamuuza. Utazizira anaupereka kwa bambo ake. Iwo anaugwira kumchira, anaugogoda pamwala, n'kuuyandikiza kukhutu. Anaugogodanso. Anayendetsa chala chachikulu kukamwa kwake kuyambira kumunsi mpaka kunsonga. Nkhope yawo inamasuka, ndipo ndinaona Luwiza ataima ngati kamtsikana, akupukuta manja pachitenje, kudikira. Mayi wa mwana wamkulu, imvi zitayamba, kudikira mawu amodzi.

“Eya,” anatero a Ferero. “Ndi umenewu. Toni akabwera umuonetse mmene wachitiramu.”

Luwiza anati, “Ehoi, Baba,” n'kutuluka kukatunga madzi amene sankafunika.

Ndinakwiya kwambiri tsiku limenelo. Nditatsala nawo awiri ndinawauza kuti aitane a Rozina ndi akulu a mpingo, anene pamaso pawo kuti mwala ndi wa Luwiza. Tonse tinkadziwa mmene zimakhalira kuno munthu akamwalira, katundu wa bambo amagawidwa potsata mwambo wa eni dziko, ndipo zida za mwamuna zimapita kwa mwana wamwamuna. Anandiyankha kuti munthu sagawa zake ali moyo, kapena ndikufuna afe msanga? Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti mtsikanayo ali ndi dzanja kuposa la bambo awo omwe. Ndinawauza kuti zimenezo akamuuze mwini wake. Anati adzamuuza. Sindikukayika kuti ankafunadi kutero, koma chifuwa chinawagwira chisanu chisanathe, ndipo sanadzukenso pamphasa.

Toni anabwera. Analira bambo ake moona mtima, ndipo zambiri za pamaliro anachita ndi iye. Titaika, katundu anayalidwa pabwalo kuti agawidwe, ndipo wogawa anali a Rozina, monga tete wa anawo, ndiye kuti azakhali. Majekete anapita kwa adzukulu, bulangete ndi kapu kwa Luwiza. Atafika pa zida anati nyundo, mbaniro ndi mwala ndi za Toni, mwana wamwamuna. Ine ndinaimirira n'kunena zimene ndinaona ndi zimene malemu anandiuza. Anandimvetsera mwaulemu, kenako mkulu wina anandifunsa ngati malemuwo ananenapo zimenezo pamaso pa abale. Ndinati ayi. A Rozina anati mchimwene wawo anakhala moyo wonse akunena dzina limodzi, ndipo iwo sangamusinthire mawu ali m'manda. Sindinawade, ananena zoona.

Madzulo ake Luwiza anamupeza mlongo wake ataima m'chipala, akuyang'ana nyundo ija yopaka mafuta. Ine ndinali pafupi, ndikumanga mabenchi oti abwerere kutchalitchi.

“Baba anati ukabwera ndikuonetse,” anatero Luwiza. “Tingayatse mawa m'mawa.”

“Sisi, ine ndine dalaivala. Abwana andipatsa masiku ochepa. Ndionetsedwe kuti ndikachite nazo chiyani?”

“Ndiye uusiye pomwepa.”

“Tiona, Sisi.”

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Luwiza sananene kuti mwalawo ndikuufuna ine, ndipo Toni, amene anachoka mlongo wake ali wokhala pachipika, sindikhulupirira kuti anamvetsa chimene ankapemphedwa. Kwa iye chinali chitsulo chimene chinamuwawitsa ubwana, ndipo maliro anali atamudyera zambiri. Tsiku loti anyamuka mawa lake, kunadutsa lole ya anyamata ogula zitsulo zakale, aja amayenda akukuwa m'makomboni. Luwiza anali kumunda, ndipo Toni anawagulitsa zida zija. Akuti anavutika nawo mwalawo, anachita kuuzula pachitsa ndi mgwala n'kuukunkhuniza pamatabwa. Anatenganso nyundo zonse, mbaniro ndi mulu wa masipuling'i. Luwiza pobwera ndi dengu lake kumsana anapeza matayala a lole atadinda pabwalo.

Sanakangane naye mlongo wake. M'mawa anamuperekeza kubasi, atamunyamulira nthochi za ana.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa ku Mandeya, khasu long'aluka lili m'manja. Anati anamva kuti mwana wa a Ferero anatenga ntchito ya bambo ake. Luwiza analandira khasulo, analitembenuza, analigogoda ndi chikhadabo n'kumvetsera. Anamuuza mayiyo kuti chitsulo chake n'chabwino, mng'alu sunafike pamsana, wodziwa akhoza kulidula apa n'kulikoka kuti litalikenso. Analongosola zonse bwinobwino, mpaka mtundu umene liyenera kufika lisanazimitsidwe. Kenako analibweza m'manja mwa mwini wake n'kumulozera njira ya kumsika.

Chipalacho chikadalipo, ngati munthu angachitchule choncho. Dzenje la makala ladzaza masamba a nthochi, ndipo nkhuku ya a Rozina imaikiramo. Mvukuto anyamata aja anausiya chifukwa si chitsulo, uli pakona, makoswe anaboola chikopa. Chitsa chili pakati pomwe chinali. Pamwamba pake, pamene panakhala mwala zaka zonsezo, mtengo ndi woyera ngati wodulidwa dzulo, ndipo m'mbali mwazungulira misomali yopindika imene inkaugwira. Chiswe chayamba kukwera kuchokera pansi. Lata limodzi la denga linasomphoka ndi mphepo ya mwezi watha, limangolendewera, ndipo palibe amene wanena zolikhomera.